Mapesi a Mpunga Angakupatseni Bowa M'chilimwe

Inu amayi a ku Bwanje, Golomoti ndi Mtakataka, mukudziwa kuti utale ndi manyame ndi ndiwo za dzinja lokha. Mvula ikatha, bowa nayenso watha. Komatu chaka ndi chaka mapesi a mpunga amaunjikana m'sikimu ya Bwanje, ija ya mahekitala 800 yothiriridwa ndi madzi a Namikokwe, ndipo ambiri amangotenthedwa. Mapesi amenewa ndiwo chakudya cha bowa wa oyisitara, amene mungathe kumulima m'kachipinda kuseri kwa nyumba.

Musaope kuti imeneyi ndi ntchito ya akatswiri okha. Robert Koch wa ku Germany ankamerera tizilombo tosaoneka ndi maso pa zidutswa za mbatatesi yophika. Ndipo m'chaka cha 1881 mayi wapabanja, Fanny Hesse, ndiye anauza mwamuna wake, yemwe ankagwira ntchito ndi Koch, za agar wochokera ku ndere za m'nyanja yamchere, amene iye ankaumitsira zakudya kukhitchini. Mpaka lero zipatala zimagwiritsa ntchito nzeru ya mayiyu.

Tsono vuto lagona apa: chakudya chimene bowa amachikonda, chuku nachonso chimachikonda, ndipo chuku chimakula msanga. Mapesi ochokera kumunda amakhala kale ndi mbewu zake zosaoneka. Ntchito yanu yaikulu ndi kuzipha ndi moto bowa asanalowemo.

Sankhani mapesi ouma bwino, osavunda. Aduleni tizidutswa totalika ngati chala, muwaviike m'madzi usiku wonse. M'mawa muwaike mu mgolo wokhala ndi madzi pang'ono pansi, pa kathandala kuti asamire, mutseke pamwamba, aphikike ndi nthunzi kwa maola osachepera awiri. Apa musaumire nkhuni. Ambiri amalephera chifukwa chophula msanga, kenaka nkumanena kuti mbewu inali yoipa. Mukaphula, ayanikeni pa pulasitiki yotsuka mpaka azizire, pakuti kutentha kumapha mbewu. Finyani pang'ono m'dzanja: madzi azingodontha kamodzi kapena kawiri. Akamachucha ndiye kuti achuluka, mapesi adzawola.

Mbewu ya bowa imakhala m'mabotolo, yomera pa njere za mapira. Imeneyi musayese kupanga nokha. Funsani mlangizi wa zaulimi akuuzeni kokaigula. Sambani m'manja ndi sopo, mutseke mazenera, ndipo muike mapesi m'jumbo yoonekera mkati, kuwaza mbewu, kuikanso mapesi, mpaka idzaze. Mangani kukamwa, muboole timabowo tochepa ndi singano yowotcha pamoto, ndi kuika majumbowo pamdima.

Pakatha masabata atatu kapena anayi, mapesi onse amayera ngati thonje. Apo ndiye chekani jumbo ndi lezala m'mbali, mulowetse mpweya ndi kuwala pang'ono, ndipo muziwaza madzi pansi ndi m'makoma m'mawa ndi madzulo. Kuchigwa kuno kumatentha, choncho miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino. Mu Okutobala bowa amavutika ngakhale m'chipinda chofolera ndi udzu.

Ngati muli ndi ana apasukulu, achitireni ichi: jumbo imodzi yaing'ono muikemo mapesi oviika koma osaphika, muilembe chizindikiro, ikhale kutali ndi zinzake. Anawo aziyang'ana tsiku ndi tsiku, nkumalemba m'kope zimene akuona. Kawirikawiri mawanga obiriwira kapena akuda amayamba m'jumbo imeneyi. Asaitsegule kapena kuinunkhiza ayi, chifukwa fumbi la chuku limapweteka m'chifuwa ndiponso limaononga majumbo ena. Jumbo iliyonse yotero ikwirireni kudzala.

Thyolani bowa m'mphepete mwa chisoti chake musanapindikire m'mwamba, pomupotokola patsinde. Jumbo imodzi imabereka kawiri kapena katatu. Wotsala muyanikeni padzuwa monga muchitira ndi mfutso, ndipo mapesi otha ntchito akathireni kudimba.