LIMBA LA HAMMOND LALOWA M'KOMPYUTA PAMODZI NDI ZILEMA ZAKE

ANTHU amene anali kumvetsera wailesi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akumbukira liu lina lonjenjemera limene linali kutsogolera nyimbo za gulu la Soul Brothers la ku South Africa. Liu limenelo linali kucokera m'zala za a Moses Ngwenya, ndipo cimene anali kuliza cinali limba la magetsi lochedwa Hammond. Masiku ano liu lomwelo limveka m'nyimbo zambiri za uzimu ndi za reggae, koma kawirikawiri m'cipinda mojambulira simukhala limba ai. Mukhala kompyuta cabe, ndi pulogalamu yophunzitsidwa kulira monga limbalo.

Nkhaniyi ikhudza makwaya a kumidzi ndi anyamata oimba amene asonkha ndalama za mbeu zao kuti akajambule nyimbo m'tauni. Wojambula akawauza kuti awaikira Hammond, ayenera kudziwa cimene alipira.

Limba limeneli analipanga ndi a Laurens Hammond a ku America, amene anali ndi fakitale ya mawochi a magetsi mu mzinda wa Chicago. Iwo sanali woimba. Boma linawapatsa cikalata ca umwini wa luso lao mu 1934, ndipo limba loyamba linagulitsidwa mu 1935 pa mtengo wa madola 1,250. Colinga cao cinali kuthandiza machalichi amene sanali kukwanitsa kugula limba lalikulu la mipope, lija lilira ndi mphepo. Motero Hammond yeniyeniyo inabadwa monga cotsanzira, ndipo nkhani ya kutsanzirako inafika mpaka pa mlandu. Bungwe la boma loona za malonda, la Federal Trade Commission, linakayika zimene kampaniyo inali kulengeza. Mu 1937 anthu anaitanidwa m'chalichi ca pa University of Chicago kuti amvetsere malimba awiriwo osawaona, ndi kunena kuti la mipope ndi liti. Ambiri anaphonya kangapo konse. Ngakhale zinatero, mu 1938 bungwelo linaletsa kampaniyo kunena kuti limba lake lilingana ndi la mipope la madola 10,000.

TIMAGUDUMU 91

Munthu amene adziwa dainamo ya njinga sangavutike kumvetsa m'mene Hammond igwirira nchito. Pa njinga, gudumu likazungulira dainamo ipanga magetsi ndipo nyali iyaka. M'mimba mwa limbali muli timagudumu ta citsulo 91, ta mano-mano m'mphepete, tozungulira pafupi ndi maginito okulungidwa ndi waya. Dzino lililonse likadutsa pa maginito pabadwa kamphamvu ka magetsi. Kagudumu ka mano ambiri kapereka liu lokwera, ka mano ocepa kapereka liu lotsika. Tonseti tizungulitsidwa ndi mota imodzi, ndipo kuiyatsa kufanana ndi kuliza cigayo: woimba ayamba wagwira swichi yoyamba kwa masekondi angapo kuti mota ithamange, ndiyeno akweza yaciwiri. Caka ndi caka makinawo afuna mafuta, amene ayenda m'tizingwe ta thonje monga parafini ayendera m'cingwe ca nyali.

Pamwamba pa makiyi pali timitengo tokoka, timene eni ake acha ma drawbar. Tikhala tisanu ndi tinai pa gulu limodzi, ndipo kalikonse kakokedwa kucokera pa 0 kufika pa 8. Kamtengo kamodzi kali ngati woimba mmodzi m'kwaya. Ta kumanzere tipereka mau a besi, ta kumanja mau oonda. Woliza asankha yekha amene akweze mau ndi amene akhale cete, ndipo acita zimenezi nyimbo ili m'kati.

Mtundu wochuka koposa ndi B-3, umene unatuluka mu 1954 ndi kupangidwa kwa zaka pafupifupi 20. Uli ndi mizere iwiri ya makiyi 61 ndi zopondera 25 za ku mapazi. Pamodzi ndi mpando wake ulemera makilogalamu 190, ndiko kuti pafupifupi matumba anai a cimanga. A Jimmy Smith ndiwo anauchukitsa m'nyimbo za jazz kuyambira 1956. A Booker T. Jones analiza mtundu waung'ono wa M-3 pa nyimbo ya Green Onions mu 1962, a Jon Lord analowetsa limba la Hammond m'gulu la Deep Purple ku Britain, ndipo machalichi a anthu akuda ku America analitenga kukhala lao mpaka lero.

Pali cinthu cina cimene a Hammond sanacipange ndipo sanacikonde. Ndico bokosi lokuzira mau la a Donald Leslie, limene linayamba kugulitsidwa mu 1941. M'bokosimo muli lipenga lozungulira pamwamba ndi cing'oma cozungulira pansi, ndipo mau aponyedwa mbali zonse za cipinda. Amene anaimapo m'mbali mwa mseu wa Great East adziwa kuti hutala ya basi imveka yokwera basi ikamadza, ndipo itsika ikapitirira. Lipenga la Leslie licita zomwezo mobwereza-bwereza, pang'ono-pang'ono kapena mothamanga kufika maulendo pafupifupi 400 pa mphindi. Kunjenjemera kuja anthu akukonda kucokera pamenepa. A Hammond anakaniza ogulitsa malimba ao kugulitsa mabokosiwa, koma oimba anapitiriza kuwagula ndithu. A Hammond anamwalira mu 1973, ndipo mu 1980 kampani yao inagula dzina la Leslie. Iyonso inagwa mu 1985, ndipo tsopano maina onse awiri ali m'manja mwa kampani ya Suzuki ya ku Japan.

KUTSANZIRA ZILEMA

Njira yolowetsera limba m'kompyuta inatseguka pang'ono-pang'ono. Mu 1983 opanga zoimbira anagwirizana pa cinenero cimodzi, cochedwa MIDI, cimene kiyibodi iuzira makina ena kuti kiyi yakuti yakanikizidwa. Mu 1999 kampani ya Steinberg ya ku Germany inakonza zakuti pulogalamu ikhale coimbira m'kati mwa pulogalamu yojambulira nyimbo. Caka cotsatira, mu 2000, kampani ya Native Instruments ya ku Berlin inatulutsa B4, imene inadabwitsa oimba ambiri. Pambuyo pake panadza VB3 ya ku Italy, B-3 V ya kampani ya Arturia ya ku France mu 2016, ndi B-3X imene IK Multimedia inapanga mogwirizana ndi eni dzina la Hammond mu 2019. Palinso ina yaulere, yochedwa setBfree.

Opanga mapulogalamuwa atsata njira ziwiri. Ena ajambula liu la kiyi iliyonse pa limba leni-leni ndi kulisunga, kuti lizibwezedwa kiyi ikakanikizidwa. Ena alemba masamu ofotokoza kagudumu kalikonse, waya aliyense ndi lipenga lozungulira, kotero kuti kompyuta ipanga liu pomwepo. Njira yaciwiriyi iyenera limbali koposa, cifukwa liu la Hammond silikhazikika. Lisintha ndi kamtengo kalikonse kokokedwa.

Koma masamu oongoka okha sanakwanire. Kupanga mau 91 oyera n'kosavuta kwa kompyuta, ndipo zotulukapo zimveka zozizira monga belu la lamya. Cimene makutu a anthu anazolowera cinali m'zinthu zimene mainjiniya a kampani ya Hammond anali kuziona ngati zilema.

Cilema coyamba ndi kaphokoso kakuti "thi" komveka kiyi ikangokhudzidwa. Pansi pa kiyi iliyonse pali timawaya tisanu ndi tinai, ndipo sitigunda pa nthawi imodzi. Kampani inayesetsa zaka zambiri kukacepetsa, pamene oimba a jazz anali kukafuna cifukwa kacititsa liu lililonse kuyamba molimba monga ng'oma. Caciwiri ndi kudontha kwa mau. Popeza timagudumu tili pafupi-pafupi, maginito a kamodzi atolako pang'ono liu la kanzake, ndipo kumbuyo kwa nyimbo kumveka kamphepo kosalekeza. Cacitatu ndi kukalipa kwa mau pamene mavavu a galasi a m'cokuzira mau apatsidwa mphamvu yopitirira muyeso. Ngakhale kacunidwe ka limbali si kolungama kweni-kweni, pakuti mano a magiya sagawika ndendende monga masamu a nyimbo afunira, ndipo makiyi a kumapeto abwereka timagudumu ta anzao cifukwa 91 sitikwanira onse.

Lero pulogalamu yabwino iliyonse ili ndi kabatani koonjezera kaphokoso ka kiyi ndi kena koonjezera kudontha kwa mau. Ena afika pakulola woimba kusankha ukalamba wa limba lake, kuti limveke latsopano kapena lotha. Kunena zoona, a Hammond akadauka akadadabwa kuona anthu ophunzira akucezera usiku kubwezera zimene iwo analipira mainjiniya kuti azicotse.

MAGETSI A KUNO

Kwa woimba wa m'Zambia pulogalamu ili ndi ubwino wina woposa kupepuka. Kacunidwe ka Hammond yeniyeni kadalira magetsi. Mota yake iyenda molingana ndi kugunda kwa magetsi, monga mawochi aja a Hammond anayamba nao. Magetsi a ku America agunda ka 60 pa sekondi, a kuno agunda ka 50. Limba lopangidwira America likalumikizidwa kuno, ngakhale mphamvu ya magetsi itacepetsedwa bwino, mau ake onse atsika ndi makiyi pafupifupi atatu. N'cifukwa cake kampani inali kupanga ena apadera a maiko a magetsi onga athuwa. Pa jenereta zinthu zinyanya, pakuti injini ikalemedwa limba litsika mau, ikapepukidwa likwera, kwaya n'kusokonezeka. Amene anaona kuzima kwa magetsi kwa maora ambiri mu 2024, madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, adziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Kompyuta ya m'manja iyenda ndi batire kapena sola, ndipo siphonya kacunidwe. B-3 yakale yosamalidwa bwino igulidwa ndi madola zikwi zingapo, osawerengera bokosi la Leslie ndi mtengo wonyamulira.

Komabe pulogalamu ipereka liu cabe. Kuliza kwake kutsalira munthu, ndipo apa ndi pamene nyimbo zambiri zojambulidwa mofulumira zigwera. Limba si piyano. Pa piyano munthu akamenya kiyi mwamphamvu liu likula, koma pa Hammond kumenya sikusintha kanthu. Kukula ndi kucepa kwa mau kuli pa copondera ca phazi lamanja, cimene woliza wabwino sacileka. Situdiyo imene ilibe copondera cimeneci itulutsa limba lolira muyeso umodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo limiza mau a oimba. Copondera cotere si ca mtengo wapatali, ndipo cilowa pa makiyibodi ambiri a MIDI.

Cimodzi-modzinso ndi Leslie. Kukoma kwake kuli pa kusintha kucoka pa liwiro laling'ono kupita pa lalikulu, cifukwa lipenga la pamwamba ndi lopepuka ndipo lithamanga msanga, pamene cing'oma ca pansi citenga masekondi angapo kuti cilipeze. Oliza a m'machalichi a ku America asunga liwiro laling'ono pa ndime, ndi kumasula lalikulu pa kolasi kapena pamene mlaliki afika pacimake. Wojambula amene aika Leslie pa liwiro lalikulu nyimbo yonse ataya zonsezi.

Palinso kaliu konga ka kalimba kamene B-3 iika pa ciyambi ca liu. Kalira pokhapo zala zonse zitacoka pa makiyi, motero woliza ayenera kudula-dula mau kuti kamveke. A Jimmy Smith anali kukoka timitengo titatu toyamba kufika pa 8, tinato n'kutisiya pa 0, ndi kuyatsa kaliu kameneka. Mpaka lero wophunzira aliyense ayambira pamenepo. Pa nyimbo ya kwaya ya mau anai, nzeru ndi kubweza timitengo ta besi kuti limba lisalimbane ndi amuna oimba pansi kapena gitala ya besi.

Vuto lina ndi kucedwa kwa liu. Kompyuta yofooka itenga kanthawi pakati pa kukanikiza kiyi ndi kutulutsa mau, ndipo kanthawiko kakatalika woliza ataya kugunda kwa nyimbo. Anyamata ena athawa vutoli polemba manoti ndi mausi m'malo moliza ndi zala. Zotere zimveka msanga, popeza manoti onse agwa pa nthawi imodzi ndendende, opanda kutsetsereka kwa cikhato pa makiyi kumene oliza limba adziwika nako. Mtsogoleri wa kwaya ali ndi ufulu wopempha kuti mbali ya limba ilizidwe ndi munthu, iye ali pomwepo akumva. Ayeneranso kucenjera ndi mapulogalamu okopedwa mwakuba, amene nthawi zambiri adza ndi mavairasi oononga zonse zosungidwa m'kompyuta, pamene setBfree ipezeka mwaulere ndi mwalamulo.

Cotsiriza coyenera kudziwa ndi cakuti mapulogalamu akalamba msanga kuposa citsulo. Malimba a B-3 a m'zaka za m'ma 1950 akali kulira m'machalichi a ku Chicago ndi Memphis, malinga apatsidwa mafuta. Koma B4 ija inachuka mu 2000, pofika 2010 eni ake anali ataleka kuigulitsa ndi kuikapo ina yochedwa Vintage Organs, ndipo makompyuta ambiri atsopano saitsegula. Nyimbo imene inasungidwa monga manoti a MIDI okha, podalira pulogalamu imeneyo, itseguka lero yopanda limba. Cifukwa cace kwaya ikatsiriza kujambula, ipemphe wojambula kuti mbali ya limba aisandutse mau eni-eni ojambulidwa, payokha, ndi kuwapatsa pa fulashi pamodzi ndi nyimbo yathunthu asanakwere basi yobwerera kumudzi.