Chofinyira Dongo cha Gulu

Kuno ku Fíngoè, m'boma la Marávia, mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, timapita ku mtapo kukakumba dongo. Timaumba miphika, mitsuko ndi nkhali. Pokweza khoma la mbiya timapota dongo m'manja kuti likhale ngati chingwe, ndi kumasanjikiza. Zingwe zina zimanenepa, zina zimaonda. Khoma likakhala losalingana siliuma mofanana, ndipo mbiya ikhoza kung'aluka pamoto. Pamenepo thukuta ndi nkhuni zathu zapita pachabe.

Pali chida chimene chingatithandize. Tichitche chofinyira dongo.

Chimagwira bwanji ntchito?

Tikafumbata matope mwamphamvu, amatulukira pakati pa zala. Chidachi chimachitanso chimodzimodzi. Ndi paipi yachitsulo, masentimita 10 m'mimba mwake ndi 30 m'litali. Timaimanga choimirira pa mtengo wolimba. M'kati mwake mumatsika chokankhira, monga cha pampu ya njinga, cholumikizidwa ku mpini wautali. Kunsi kwa paipi timatsekako ndi kathabwa koboola. Tikatsitsa mpini, dongo limatulukira pa bowolo lili chingwe chofanana kuyambira kumutu mpaka kumapeto.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Ku England, m'zaka za m'ma 1840, anthu anayamba kupanga mapaipi adothi ochotsera madzi m'minda ndi makina otere. Njerwa zamabowo za m'fakitale zimapangidwanso motero.

Kupanga chikombole

Kathabwa koboola kaja tikatche chikombole, chifukwa ndiko kamapatsa dongo maonekedwe, monga chimachitira chikombole cha njerwa. Bowo lozungulira limatulutsa chingwe choumbira. Bowo lopyapyala ndi lotambalala limatulutsa lamba wopangira zogwirira za makapu. Tichite motere:

1. Tisankhe thabwa lolimba, lochindikala masentimita 2. Thabwa lofewa limathyoka.
2. Tijambule bowo pakati penipeni. Likakhala pambali, dongo limatuluka mokhota.
3. Bowo likule pang'ono kuposa chimene tikufuna. Dongo limafota pouma ndi pootcha. Chinthu cha masentimita 10 chikhoza kutsala masentimita 9.
4. Tiseme bowolo kuti mbali yolowera dongo itakasuke kuposa mbali yotulukira.
5. Tisalaze m'mphepete mwake. Pakatsala zikhakhala, chingwe chimatuluka chong'ambikang'ambika.

Kukonza dongo

Chidachi sichikonza dongo loipa. Tiyambe tachotsa timiyala ndi mizu, popeza kamwala kamodzi kakhoza kutseka bowo. Tikande dongo mpaka mpweya utatuluka. Likhale lofewa koma losamata m'manja. Mpini ukakana kutsika, tisaukakamize. Dongolo lalimba, ndipo tikaumiriza tithyola chikombole. Tilitulutse, tiwaze madzi pang'ono, tikandenso.

Zingwe zikatuluka tizifunditse ndi nsalu yonyowa kapena masamba a nthochi. Kulumikiza zingwe, kupala ndi kukulungiza mbiya ndi ntchito ya manja athu ndithu. Chingwe chosalumikizidwa bwino chimasiya mng'alu ngakhale chitatuluka chokongola.

Chida cha tonse

Munthu mmodzi sangagule chitsulo ndi kulipira wootcherera payekha. Koma anthu khumi atasonkha, mtolo umapepuka. Vuto ndi lakuti chinthu cha gulu chimaonongeka msanga ngati aliyense aganiza kuti mnzake ndiye adzasamala. Dongo likaumira m'paipi, wobwera mawa amataya m'mawa wonse akupala. Zinyenyeswa zouma zikalowa m'dongo latsopano zimang'amba chingwe. Madzi akagona m'chitsulo, dzimbiri limadya. Mikangano imayambira pamenepo.

Nchifukwa chake tigwirizane malamulo tisanasonkhe ndalama. Wogwiritsa ntchito atsuke paipi ndi chikombole tsiku lomwelo, apukute, aumitse. Zikombole zipachikidwe pa misomali, chilichonse ndi nambala yake. Tisankhe munthu mmodzi wosunga kabuku. M'kabukumo tilembe tsiku, dzina la wogwiritsa ntchito, ndi nambala ya chikombole. Tiikenso padera kandalama pa mbiya iliyonse yogulitsidwa, kokonzetsera chida chikaonongeka. Apa ndi pamene kulemba ndi kuwerengera kumene tikuphunzira kudzatigwirira ntchito.

Tikambirane

1. Nchifukwa chiyani bowo la chikombole liyenera kukula kuposa chinthu chimene tikufuna?
2. Tichite chiyani mpini ukakana kutsika?
3. Anthu 10 atasonkha mametikali 150 aliyense, ndalama zonse zikhala zingati?
4. Ndi malamulo ati amene gulu la m'mudzi mwathu lingaonjezere?