Madzi Akumwa ndi Mankhwala a Klorini

Ife a ku Ntengo-Wambalame timatunga madzi pa mjigo, pa chitsime ndi kumtsinje. Nyengo ya dzinja madzi a kumtsinje amada. Amakokolola dothi, masamba owola ndi ndowe za ng'ombe. Amanyamulanso tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsekula m'mimba. M'chaka cha 2023 kolera inavuta m'chigawo chathu cha Tete.

Kuti tiphe tizilomboti timathira mankhwala a klorini, monga Certeza. Klorini wapulumutsa anthu ambiri pa dziko lonse.

Koma tidziwe ichi. Klorini akakumana ndi zowola za m'madzi amapanga mankhwala ena atsopano, monga kloroformu. Sitingawaone ndi maso. Anazindikira zimenezi m'chaka cha 1974 ndi Johannes Rook, katswiri woyeza madzi a mumzinda wa Rotterdam ku Holland. Madzi akakhala ndi zowola zambiri, mankhwala atsopanowa amachulukanso. Akatswiri akuganiza kuti kuwamwa ochuluka kwa zaka zambiri kungathandize kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Komanso litsiro limatha mphamvu ya klorini, ndipo tizilombo tina timatsala tamoyo.

Kodi tileke kuthira klorini? Iyayi! Kolera ingaphe munthu tsiku limodzi lokha. Bungwe la zaumoyo la WHO limatilangiza kuti tisaleke kupha tizilombo poopa mankhwala atsopanowa. Chofunika ndi kuchotsa litsiro tisanathire klorini.

Tichite motere:

1. Tisiye madzi mumtsuko kuti litsiro lidikhe pansi.
2. Titsanulire a pamwamba m'chidebe china, tikusefa ndi nsalu yoyera.
3. Tithire klorini pa mlingo wolembedwa pa botolo. Tisaonjezere.
4. Tivundikire ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe.

Ziliponso njira zina. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ndipo sikupanga kloroformu, koma kumatha nkhuni. Madzi oyera a m'botolo la pulasitiki loonekera mkati tingawaike pa dzuwa lamphamvu maola 6. Koma njira ziwirizi siziteteza madzi tikawasunga. Klorini yekha ndiye amatsalamo ndi kuwalondera mumtsuko.

Abale, tisefe poyamba, klorini pambuyo!

Mafunso

1. Klorini akakumana ndi masamba owola amapanga chiyani?
2. N'chifukwa chiyani sitiyenera kuleka kuthira klorini?
3. Kodi m'mudzi mwathu timatunga kuti madzi nyengo ya dzinja?