Kompyuta Ikakana Kugwira Nchito: Zoyamba Kucita Musanapite kwa Wokonza

 Nkhani yathu ya lero iri ya kompyuta, makamaka kwa iwo amene angoyamba kumene kuigwira. M'caka ca 1994, pamene kampani ya Zamnet inayamba nchito ya intaneti pa Yunivesite ya Zambia, kompyuta inali kupezeka m'maofesi akulu ndi kwa anthu ophunzira kwambiri. Lero mwana wa sukulu ku Chelstone alembapo nchito yace, mai wa sitolo ku Kabwata asungamo maina a angongole ace, ndipo mnyamata wofuna nchito ku mgodi atumizirapo kalata yace. Koma akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Amene wagula kompyuta wagulanso mabvuto ace.

Mau amene ndifuna kuti muwasunge ndi awa: mabvuto ambiri a kompyuta ali ang'ono, ndipo mwini wace angathe kuwatha yekha ngati ayang'ana zinthu cimodzicimodzi mosafulumira. Koma ziripo zina zimene ngakhale wokonza waluso nthawi zina alephera kubweza, ndizo makalata anu, mawerengero a ndalama zanu ndi zithunzi za ana anu. Makina agulika m'sitolo, koma zimenezi palibe sitolo yozigulitsa.

Magetsi

Tiyambe ndi magetsi, amene ambiri muno ati malaiti. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino licokera ku madzi, ku Kafue Gorge ndi ku Kariba, kumene khoma la damu linatha kumangidwa m'caka ca 1959. Mvula ikacepa, magetsinso acepa. Tinaziona m'caka ca 2015 ndi ca 2019, ndipo koposa m'caka ca 2024, pamene pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Pofika September wa caka comweco, nyumba zambiri zinali kulandira magetsi maora atatu okha pa tsiku.

Kuzima kwa magetsi kupweteka kompyuta m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yakuti zimene munali kulemba zitayika ngati simunazisunge. Cifukwa cace zolowerani kudina mabatani awiri pamodzi, la Ctrl ndi la S, nthawi zonse mukatha ndime imodzi. Njira yaciwiri ndi yakuti magetsi pobwera nthawi zina abwera ndi mphamvu yopitirira mavoti 230 amene zipangizo zathu zinapangidwira, ndipo angathe kutentha chaja kapena za m'kati mwa makina. Tsono magetsi akazima, zulani pulagi ku khoma. Akabwera, dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike, ndipo pamenepo mulumikize. Citani comweco poyatsa jenereta.

Amene ali ndi kompyuta yaikulu ya pa tebulo aganizire za kugula kabokosi kochedwa UPS. M'kati mwace muli batire, limene lipatsa munthu mphindi zowerengeka zakuti asunge nchito yace ndi kuzima makina bwino. M'nyengo ya dzinja, kuyambira November kufikira March, mukamva bingu pafupi zulani zonse, pakuti kuzima swici kokha sikuletsa mphamvu ya mphenzi.

Ikakana kuyaka

Munthu akadina batani ndipo kompyuta ikhala cete, mtima uthamangira kuganiza kuti yafa. Musafulumire, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ku khoma ndi kutsata waya kufikira ku makina. Kodi swici ya pa soketi iri yoyatsa? Kodi soketiyo iri ndi moto? Iyeseni ndi nyale kapena ndi chaja ya foni. M'pulagi ya mano atatu muli fyuzi, imene ipsa kuti zinthu zanu zipulumuke. Ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo, ndipo musaikepo waya kapena pepala la siliva, cifukwa ndimo mmene nyumba zipsera.

Ngati zonsezi ziri bwino, cotsani chaja ndi zina zonse zolumikizidwa, ndi batire lomwe ngati liri locotseka. Kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, ndipo mulumikizenso chaja ndi kuyesa. Ngati mukumva makina akulira koma sikirini iri yakuda, yang'anani waya wa sikirini, kapena onjezani kuwala kwace. Pogula chaja yatsopano, werengani mavoti olembedwa pansi pa laputopu kapena pa chaja yakale. Zambiri zifuna mavoti 19, 19.5 kapena 20, ndipo kulowa kwa kamutu pa bowo sikutanthauza kuti mphamvu yace iri yoyenera.

Ikaima nji pakati pa nchito

Nthawi zina kompyuta ingouma, osamvera ciri conse. Poyamba dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo lekani kudinadina, pakuti kudina kuli konse kuli ngati kuonjeza thumba pa ngolo imene yatitimira kale m'matope. Ikapitirira, dinani mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc. Padzaoneka mndandanda wochedwa Task Manager. Sankhani pulogalamu imene yauma, ndi kudina pamene palembedwa End task. Zonse zikakanika, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 10 kufikira makina azima, koma njira imeneyi ikhale yotsiriza, cifukwa zosasungidwa zitayika.

Dziwaninso kuti pa Windows pali kusiyana pakati pa Shut down ndi Restart. Pa makompyuta ambiri Shut down isunga zina kuti makina adzayake msanga, koma Restart iyambitsa zonse mwatsopano. Cotero ngati mau asowa, kapena makina osindikizira akana, yesani Restart musanayese cina.

Pfumbi ndi kutentha

Inu a ku migodi mudziwa kuti mafani akaima pansi pa nthaka, nchito yonse iima. Kompyuta nayonso iri ndi fani yaing'ono yoturutsa mpweya wotentha. Mphepo ya August ndi September idzaza nyumba za m'Lusaka ndi pfumbi, ndipo pambuyo pace pafika October, mwezi wotentha koposa yonse. Pfumbi likatseka mabowo a mpweya, fani ilira kwambiri, makina acedwa, ndipo potsiriza azima okha kuti asapse.

Mankhwala ace sabvuta. Musaike laputopu pa bulangeti, pa pilo kapena pa matiresi, koma pa tebulo kapena pa thabwa. Mukazima, ibvundikireni ndi nsalu yoyera, koma musaibvundikire iri ciyakire. Kamodzi pa mwezi, mutazula pulagi, sesani mabowo ndi kaburashi kofewa kouma. Tiyi ndi madzi zikhale kutali. Madzi akatayikira pa mabatani, zimani nthawi yomweyo, zulani chaja, tembenuzani makina cafufumimba, ndipo musayatse kuti muone ngati akali amoyo, pakuti kuyatsako ndiko kuwapha. Ndipo mukaona kuti batire latupa, mwina likukankha mabatani kucokera pansi, lekani kuligwiritsa nchito, musaliboole, cifukwa lingathe kuyaka moto.

Ikayamba kucedwa

Kompyuta yocedwa kawirikawiri iri ngati basi yodzaza mopitirira. Tsekani mapulogalamu ndi masamba a intaneti amene simuli kuwagwiritsa nchito. Mu Task Manager muja muli malo olembedwa Startup, oonetsa mapulogalamu amene adzuka okha makina akayaka, ndipo mungathe kuletsa amene muwadziwa kuti simuwafuna. Onaninso ngati disiki yadzaza, pakuti mafilimu ndi nyimbo zidya malo ambiri. Ngati kucedwa sikutha, funsani wokonza mtengo wa kuonjeza RAM kucokera pa 4 GB kufika pa 8 GB, kapena wa kuika disiki ya mtundu wa SSD. Zimenezi zipatsa makina akale liwiro pa mtengo wocepa kuposa kugula atsopano.

Amene afuna kugula laputopu yogwirapo kale nchito m'masitolo a m'tauni, monga a ku Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Katondo Street, adziwe ici: pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inali kucitira kale. Makina otere ayakabe ndi kugwira nchito, koma ali ngati nyumba imene mmisiri waleka kudzatseka ming'alu yace. Funsani wogulitsa ngati makinawo angathe kulandira Windows 11, ndipo muyese batire ndi mabatani onse musanalipire. Safunsa anadya phula.

Intaneti ikasowa

Pano funso loyamba ndi lakuti, kodi bandulo ikalipo? Ambiri alumikiza kompyuta ku foni yao, ndipo adabwa kuona kuti bandulo ya sabata yatha tsiku limodzi. Cifukwa cace ncakuti Windows itenga zatsopano zace pa intaneti mosafunsa. Lowani mu Settings, pa Network & internet, sankhani dzina la Wi-Fi yanu, ndi kuyatsa Metered connection, ndipo makina adzayamba kudya mosamala. Koma musawamane zatsopanozo mpaka kalekale, pakuti ndizo zitseka njira za mbala. Ngati bandulo iripo, onani kuti cizindikiro ca ndege sicinayatsidwe mwangozi. Pambuyo pace zimani rauta kapena foni kwa masekondi 30 ndi kuyatsanso. Ngati foni ya mnansi wanu nayonso yakana, bvuto liri ku kampani, ndipo kompyuta yanu iribe mlandu.

Fulashi ndi vairasi

Fulashi imene iyenda m'malo osindikiza mapepala, lero ku Kamwala, mawa ku Woodlands, itola matenda monga mtsuko wotungira pa zitsime zambiri. Pali vairasi wina wodziwika amene abisa mafayilo ndi kusiya tizithunzi tokhala ndi kamubvi pa ngodya. Musadine tizithunzi timeneto, cifukwa kutero ndiko kulowetsa vairasi m'makina anu. Musabvomerenso msanga munthu wonena kuti fulashiyo ifafanizidwe yonse, pakuti kawirikawiri mafayilo akalimo, angobisika. Windows iri ndi mlonda wace waulere wochedwa Microsoft Defender, ndipo muuzeni ayese fulashiyo musanaitsegule. Pocotsa fulashi, yambani mwadina Eject.

Cenjeraninso ndi uthenga wotulukira pa sikirini wonena kuti mwapambana mphotho, kapena kuti makina anu adwala ndipo muyimbe nambala yakutiyakuti. Tsekani tsambalo. Mau anu acinsinsi ndi PIN ya ndalama za pa foni musauze munthu, ngakhale anene kuti ali wa ku banki.

Sungani m'malo atatu

Tsopano tafika pa mau akulu. Disiki iri yonse idzafa tsiku lina, ndipo mbala ziba laputopu ku Kabulonga monga ziba ku Kabwata. Madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace ciri conse cimene mungalire cikatayika cikhale m'malo atatu: m'kompyuta momwemo, pa fulashi kapena disiki ya padera, ndi pa intaneti. Google Drive ipatsa munthu malo a 15 GB mwaulere, ndipo OneDrive ipatsa 5 GB. Malo amenewa akwanira makalata a sukulu, mapepala a nchito ndi a penshoni, ndi mawerengero a malonda. Disiki ya paderayo isagone m'cikwama cimodzi ndi laputopu, pakuti wakuba atenga cikwama conse. Sankhani tsiku limodzi pa sabata lakukopera, ndipo nthawi zina tsegulani zokoperazo kuti muone ngati ziwerengeka.

Popita kwa wokonza

Ziripo zizindikiro zofuna mmisiri: pfungo la kupsa, sikirini yosweka, batire lotupa, ndi disiki yolira kuti go, go, go. Mukamva kulira kumeneku koperani zanu nthawi yomweyo ndi kuzima. Musanapite, jambulani ndi foni mau amene aoneka pa sikirini, ndipo kumbukirani cimene cinacitika bvuto lisanayambe. Lembani nambala ya makina anu imene iri pansi pace, ndi kukula kwa RAM ndi disiki. Panganani mtengo nchito isanayambe, landirani lisiti, ndipo nenani momveka kuti asafafanize kanthu asanakufunseni. Wokonza wokhulupirika sakwiya ndi mafunso otere.

Tsono abale anga, kompyuta ikabvuta yambani ku khoma, tsatani waya, yesani Restart, yang'anani pfumbi, ndipo mukalephera pitani kwa wokonza. Koma nchito ya kukopera musaidikirire kuti makina ayambe adwala. Usiku uno, ngati magetsi alipo, tengani fulashi ndi kuyamba ndi mapepala amene simungathe kuwapezanso kwina.