"Wagwera pamoto": anamwino aphunzire kuligwira bodzali

Aliyense amene anaimapo pamzere wa chipatala cha kumudzi akudziwa m'mene zimakhalira. Dzuwa lisanatuluke amayi afika kale, ana kumsana, timabuku ta chipatala m'manja. Ena atsika pa kabaza kuchokera pa Kasiya, ena ayenda wapansi kuchokera m'midzi ya kwa Khongoni ndi kwa Kabudula. M'katimo muli namwino mmodzi kapena awiri basi, ndipo mzere sukutha.

Tiyerekeze kuti pamzerepo pali mayi ndi kamwana ka zaka zisanu, manja atawakulunga ndi kansanza. Namwino afunsa: "Watani mwanayu, mayi?" Yankho ndi lomwe lija: "Wagwera pamoto, anesi."

Namwino wotopa atsuka balalo, amanga bandeji, apereka panado, nkuitana wina. Koma namwino amene anaphunzitsidwa bwino amaima kaye. Mwana wogwera pamoto amapsa mbali imene wagwera. Nanga uyu bwanji manja onse awiri apsa mofanana, nkulekezera malo amodzi ngati wavala magolovesi? Ndipo bwanji balali layamba kale kununkha, kusonyeza kuti papita masiku angapo ali kunyumba? Bala lotere kawirikawiri ndi la mwana amene munthu wamkulu anamugwira nkumuviika manja m'madzi otentha, mwina pa mlandu wotapa ndiwo mumphika.

Anamwino awiriwa onse ali ndi chisoni. Chowasiyanitsa ndi maphunziro. Ndipo kwa mwana wa ku Kasiya, Nsaru, Nambuma kapena Mpingu, namwino angakhale munthu yekhayo wakunja kwa banja amene adzamuvule malaya nkuona thupi lake chaka chonsecho.

Vutoli si laling'ono

Mu 2013 boma, mothandizana ndi UNICEF ndi mabungwe ena, linachita kafukufuku m'dziko lonse lino wa nkhanza zochitira ana. Anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse ndiponso mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Pa zomenyedwa, anyamata pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse ndi atsikana awiri mwa asanu anati zinawachitikira. Chomvetsa chisoni nchakuti mwa ana amene anachitidwa zachipongwe, amene analandira thandizo la chipatala, polisi kapena aphungu sanafike ngakhale mmodzi mwa khumi.

Ana amenewa sikuti safika ku chipatala ayi. Amafika, koma ndi nkhani ina: malungo, m'mimba, kugwa mu mtengo wa mango. Ntchito ya namwino ndi kumva zimene sizikunenedwa.

Akuyenera kuphunzira chiyani?

Choyamba ndi kuona. Mwana woyendayenda amakhala ndi zipsera m'mawondo, m'miyendo ndi pachipumi, zimenezo nzamasewera. Koma mikwingwirima kumsana, m'khosi, kukhutu kapena m'kati mwa ntchafu si ya mpira. Khanda loti silinayambe nkukwawa komwe silingadzivulaze lokha. Mabala ena atsopano, ena akupola, ena zipsera zakalekale pa thupi limodzi, ndiye kuti kumenyako nkwa tsiku ndi tsiku. Mwana wamng'ono akapezeka ndi matenda opatsirana pogonana, kapena mtsikana wa sitandade 6 akabwera kudzayamba sikelo ya amayi oyembekezera, pamenepo mpofunika kufufuza msanga.

Dera lino ndi la fodya, choncho pali chinanso. Mwana amene watha tsiku lonse akuthyola ndi kusoka fodya wamuwisi amatha kumva mutu, chizungulire ndi kusanza, chifukwa poizoni wa m'masamba amalowa kudzera pakhungu. Bungwe la Plan linafunsa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndipo mu 2009 linati pa tsiku lachinyontho mwana angalowedwe poizoni wofanana ndi wa ndudu 50. Mwana wotere akayezedwa malungo nkusapezeka, namwino afunse kumene anali dzulo.

Chachiwiri ndi kusanamizira munthu. Mwana wa khunyu amagweradi pamoto. Mwana wotupikana chifukwa chosowa zakudya khungu lake limasupuka ngati wapsa. Mphini za kwa sing'anga si mabala a chikwapu. Umphawinso si nkhanza: mayi amene nkhokwe yake yatha mu Januwale akufunika chiponde ndi uphungu, osati polisi. Koma ngati m'nyumba imodzi ana onse ali onenepa, wowonda ndi wamasiye yekha kapena wopeza, funso liyenera kufunsidwa.

Chachitatu ndi kufunsa. Mwana sangaulule pamaso pa amene wamubweretsa, makamaka ngati ndi yemweyo anamupweteka. Namwino amaphunzira kupempha mwaulemu kuti, "Mayi, tadikirani panja pang'ono," kenako nkukhala pansi ndi mwanayo: "Tandiuza, mwanawe, chinachitika nchiyani?" Osamuikira mawu m'kamwa, osamukalipira, osamulonjeza kuti sauza munthu.

Chachinayi ndi kulemba. Bala limapola, koma zolemba zimakhala. Kukula kwa bala, malo ake, tsiku, ndi mawu a mwana m'mene wawanenera, zonsezi ndi zimene woweruza adzawerenge pakapita miyezi. Lipoti la chipatala likalembedwa mwachidule kapena mosamveka, mlandu umafooka, wolakwa nkubwerera kumudzi komwe kuli mwana uja.

Maola 72

Pa nkhani yogwiririra pali mpikisano ndi nthawi. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, aja amati PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amafuna changu. Nchifukwa chake mwana ayambe walandira mankhwala, za kalata ya polisi zibwere pambuyo.

Zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi malo otchedwa Chikwanekwane, pamene dokotala, wapolisi, mphungu ndi wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amathandizira mwana pamodzi. Koma kuchokera ku Kasiya kukafika mu tauni pafunika ndalama ya basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Banja likamafunafuna ndalamayo, kapena likamadikira atsibweni kuti abwere adzagamule, masiku atatu aja atha. Ndiye thandizo loyamba liyenera kupezeka pafupi, pa Kabudula, pa Nsaru, pa Nambuma, pa St Gabriel's ku Namitete, m'manja mwa namwino wodziwa chochita.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 silinasiye nkhaniyi ku chifundo cha munthu. Wachipatala amene akupima mwana nkukhulupirira kuti wazunzidwa, wanyanyalidwa kapena wagwiriridwa ayenera kudziwitsa msanga a polisi kapena a ofesi ya chisamaliro cha anthu. Udindo womwewo uli pa achibale, olera ana ndi munthu wina aliyense wa m'dera, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anakonza malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wogona ndi mwana angathe kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Mlandu wotere si wa pabwalo la mfumu, ndipo mbuzi kapena chindapusa sizingaufafanize.

Kunena nkosavuta, kuchita ndiye nkhani. Namwino wa kumudzi amagona pa nyumba ya pachipatala pomwepo, amagula tomato pa msika womwewo, amapemphera tchalitchi chimodzi ndi abale a wolakwayo. Akanena, mawa amva kuti "anesi aja ndi amene anamangitsa bambo a uje." Ena amaopsezedwa ndi zamatsenga. Ena amaopa kukaima m'khoti, mzere wa odwala nkuusiya wopanda munthu. Mayi wa mwana nayenso amagwada nkuchonderera: "Anesi, mukawamangitsa bambowa tidya chiyani?"

Choncho maphunziro a masiku awiri ku hotela, alawansi m'thumba, sangakwane. Phunziroli lizike mizu m'sukulu zimene anamwino amachokera, monga Kamuzu University of Health Sciences, imene mu 2021 inatenga sukulu yakale ya Kamuzu College of Nursing, komanso Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za mishoni monga ya ku Nkhoma. Bungwe la Nurses and Midwives Council, limene limapereka ziphaso, lionetsetse kuti amene ali kale pa ntchito akulibwereza. Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa sikelo ya ana m'midzi asasiyidwe. Ndipo pa chipatala chilichonse pakhale nambala ya wapolisi wa Victim Support Unit ndi ya woteteza ana wa m'deralo, kuti namwino asasenze yekha. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nanga ife a pamsika?

Wina anena kuti za ku Kasiya zikutikhudza bwanji ife a mu msika wa Lilongwe, wa Tsoka, Kawale kapena Area 25. Abale, tisanamizane. Mtedza, soya ndi chimanga chimene tikugulitsa timakapikula komweko. Ndipo kamtsikana kaja kakutilerera mwana kunyumba, kaja kamadzuka 4 koloko kukazinga mandazi anzake akupita ku sukulu, tinakatenga kuti? Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Ifenso ndi amene timaona zambiri. Mwana woyenda ndi beseni la nthochi mpaka usiku, mwana wogona pansi pa benchi, mwana wa mnzathu wa pa benchi loyandikana amene masiku onse amabwera ndi diso lotupa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nambala ya 116 ndi yaulere, pa foni iliyonse.

Ndipo tsiku limene namwino adzakuuzeni kuti, "Mayi, tadikirani panja, ndicheze naye yekha mwanayu," musapse mtima nkuyamba kumunena kuti ngwamwano. Tulukani, khalani pa benchi, mumusiye agwire ntchito yake.