Kachitsulo ka miyendo itatu kamene kanatiphunzitsa kufunsa

Nyengo yothyola zipatso ikatha m'mafamu a ku Angus ndi ku Perthshire, ambiri a ife timabwerera kuno ku Glasgow kudzadikira chaka china. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye madzulo amatalika. Timakumana m'nyumba ya mnzathu wina ku Gorbals, kutsidya kwa mtsinje wa Clyde, dera limene kuyambira kale lakhala likulandira alendo. Anthu a ku Ireland anafikira pano, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya anafikiranso pano, lero tilipo ndi ife. Nthawi zambiri nkhani zathu zimakhala za malipiro, maola a ntchito ndi lendi ya makaravani. Koma chaka chino nkhani imene inatidyera masabata angapo ndi ya pampu ya padimba.

Inayamba ndi mayi wina wa ku Ntcheu amene timathyola naye sitiroberi. Chilala cha 2024 chija, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala, mayiyu anatumiza ndalama kumudzi kuti agule sola, batire ya 12V ndi kapampu kakang'ono kothirira dimba. Amayi ake ndi okalamba, makeni sangathenso kunyamula. Pampu inagwira ntchito bwino miyezi yoyamba. Vuto linali lakuti agogo akayatsa m'mawa n'kupita kumaliro kapena kuchigayo, panalibe wozimitsa. Chitsime chinkaphwa, pampu n'kumangolira yopanda madzi, batire n'kutheratu. Batire ikamatheratu choncho kawirikawiri siichedwa kufa. Ndalama za thukuta la m'matenti a pulasitiki zinali kupita m'madzi.

Mwana wa mnzathu wina, mnyamata amene ali kusekondale konkuno, anati kusukulu anaphunzira kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, kamene ukakauza kuti yatsa mphindi 20 m'mawa ndi mphindi 20 madzulo, kamachita zomwezo tsiku lililonse osaiwala. Tinasonkha ndalama, tinagula kamodzi, pamodzi ndi pampu yonga ya kumudzi ija kuti tiyesere m'ndowa. Enafe sukulu tinalekezera ku pulayimale, koma tinati ngati William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata, pongoyang'ana zithunzi m'buku la ku laibulale, ife tingalephere chiyani?

Tinalephera katatu, abale, ndipo ndi bwino tikuuzeni kuti inu musataye ndalama panjira yomweyo.

Poyamba tinalumikiza pampu ku mwendo wa Arduino mwachindunji. Pampu siinagwedezeke n'komwe, ndipo mwendo umenewo sunagwirenso ntchito. Chifukwa chake n'chakuti mwendo wa Arduino Uno umatulutsa 5V, ndipo moto umene ungadutse bwinobwino ndi 20mA basi. Pampu yathu inalembedwa 12V ndi 3A. Mu 1A muli 1,000mA, ndiye kuti pampu inkafuna moto woposa umene mwendowo ungapereke maulendo 150. Kuti timvetse, mnyamata uja anatiyerekezera ndi madzi: ma volt ali ngati kutalika kwa thanki kumene kumakankha madzi, ma amp ndiwo kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mupaipi. Ife tinayerekeza ndi za kufamu. Arduino ali ngati kapitawo: amalamula, koma matumba sanyamula. Pamafunika wina wonyamula katunduyo, ndipo ameneyo ndi transistor.

Transistor ndi kachitsulo ka miyendo itatu kamene akatswiri a ku Bell Labs ku America anatulukira mu 1947. Ndi komwe kanali m'mawailesi a mabatire amene tinakula tikumvera MBC. Kagwiridwe kake ntchito n'kofanana ndi chitseko cha ngalande pa sikimu ya mpunga ngati ya Bwanje: dzanja la munthu mmodzi limatsegula, madzi ambiri n'kudutsa. Mwendo umodzi umalandira lamulo kuchokera kwa Arduino, miyendo iwiri inayo ndiyo njira ya moto waukulu wochokera ku batire.

Kulakwa kwachiwiri kunali kutola transistor imene inali m'kathumba kamene tinagulira limodzi ndi Arduino, yolembedwa 2N2222. Tinaona kautsi ndi kafungo. Imeneyo siifika ndi 1A yomwe. Ndi yabwino kuyatsira timagetsi ting'onoting'ono kapena relay, osati pampu. Inzake yotchedwa BC547 ndiye yochepanso mphamvu, 100mA yokha.

Kachitatu tinagula pa intaneti kabolodi kofiira kokongola kokhala ndi IRF520, kamene wogulitsa analemba kuti n'koyenera Arduino. Pampu inayenda, tinaomba m'manja. Patapita mphindi zochepa kachitsulo kanatentha moti sukanakagwira, pampu ikukoka mofooka. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Transistor ya mtundu uwu, umene amautcha MOSFET, imatseguka kotheratu ikalandira 10V pa mwendo wa lamulo. Ife timaipatsa 5V, ndiye chitseko chinali chotseguka pang'ono, moto n'kumapanikizika pamenepo n'kusanduka kutentha. IRF540N ili ndi khalidwe lomwelo.

Apa m'pamene tinakumbukira kuti safunsa anadya phula. Tinapita ku laibulale ya ku Gorbals pa Crown Street, tinasindikiza mapepala a fakitale ofotokoza transistor iliyonse, amene amawatcha datasheet. Ndi a Chingerezi chovuta, koma simufunika kuwerenga zonse. Pali zinthu zinayi zokha zoti muyang'ane.

Choyamba ndi ma volt amene transistor ingapirire ikakhala yotseka. Pa batire ya 12V sankhani ya 30V kapena kuposa, chifukwa batire ikamatchajidwa ndi sola imakwera kupitirira 14V, ndipo pampu ikamazima imabweza moto. Chachiwiri ndi ma amp. Werengani zolembedwa pa pampu yanu, kenaka sankhani transistor yoposa pamenepo katatu kapena kanayi, chifukwa pampu ikamayamba kuzungulira imakoka moto wochuluka kuposa wolembedwawo.

Chachitatu, chimene chinatigwetsa ife, ndi ma volt ofunika pa mwendo wa lamulo. Musanamizidwe ndi mzere wolembedwa threshold. Umenewo ukungonena pamene chitseko chimayamba kusuntha, osati pamene chatseguka chonse. Yang'anani mzere wolembedwa RDS(on), muone ngati pambali pake alembapo 5V kapena 4.5V. Ngati alemba 10V yokha, isiyeni. Zoyenera Arduino amazitcha logic level. Chachinayi ndi nambala ya RDS(on) yeniyeniyo: ikachepa, kutentha kumachepanso.

Ife tinasankha IRLZ44N. Onetsetsani chilembo L chija, chifukwa pali inzake IRFZ44N imene maonekedwe ndi amodzimodzi koma imafuna 10V. IRLZ44N imapirira 55V, ndipo ikalandira 5V, RDS(on) yake ndi 0.025 ohm. Pa pampu ya 3A kutentha kwake sikufika ndi kota ya watt imodzi. Tinayendetsa pampu ola lathunthu, kachitsulo kanali kongofunda pang'ono. Ena amakonda TIP120 chifukwa ndi yakale ndipo imapezeka mosavuta. Imagwira ntchito ndithu, koma pa 3A ikhoza kudya mpaka 2V, ndiye kuti pampu ilandira 10V yokha, ndipo pafupifupi ma watt 6 angotayika ngati kutentha. Pa batire ya sola imeneyo ndi mphamvu yosafunika kuitaya.

Chenjezo kwa amene ana awo ali ndi ESP32 kapena Raspberry Pi: miyendo ya zimenezi imatulutsa 3.3V, osati 5V. Pamenepo ngakhale IRLZ44N musaidalire osayesa. Pezani imene pepala lake lalemba RDS(on) pa 2.5V, kapena ikani kachipangizo kena pakati kokweza lamulolo.

Malumikizidwe ake ali chonchi. Gwirani IRLZ44N zolemba zikukuyang'anani, miyendo italoza pansi. Wa kumanzere ndi gate, wolandira lamulo. Wapakati ndi drain. Wa kumanja ndi source. Waya wofiira wa pulasi uchoke ku batire, udutse pa fyuzi, upite ku pampu. Waya wakuda wa pampu upite ku drain. Source ipite ku mayinasi ya batire. Kuchokera ku mwendo wa Arduino kupita ku gate ikani resistor ya 220 ohm, ndipo pakati pa gate ndi source ikani ina ya 10,000 ohm, kuti Arduino ikakhala yozima pampu isadziyatse yokha. Waya wa GND wa Arduino ulumikizidwe ndi mayinasi ya batire. Ambiri amaiwala waya umenewu, kenaka n'kumati agula katundu wakufa. Dziwaninso kuti kamsana kachitsulo ka transistor n'kolumikizana ndi drain, choncho kasakhudze waya wina kapena bokosi lachitsulo.

Chomaliza ndi diode. Mkati mwa pampu muli waya wokulungizidwa, ndipo moto ukadulidwa mwadzidzidzi wayayo amabweza mphamvu yaikulu imene ingaphe transistor. Diode imapatsa mphamvuyo njira yothawira. Ikani 1N5408 kapena 1N5822, zonse ndi za 3A, pakati pa mawaya awiri a pampu, mbali yokhala ndi kamzere ikhale ku waya wofiira. Mukaitembenuza fyuzi ipsa mukangoyatsa pampu, ndiye fyuzi musaisiye. Batire ya 12V siigwira munthu, koma mawaya ake akakhudzana imatha kuyatsa moto m'nyumba ya udzu.

Zonsezi ndi za batire basi. Magetsi a m'khoma, kuno ngakhale kumudzi a Escom, ndi a 230V ndipo amapha. Musayese kulumikiza transistor imeneyi ku hita ya m'karavani kapena ku waya uliwonse wa pafamu. Ngati hita yafa kapena soketi ikuthetheka, ndi udindo wa mwini malo kukonza. Jambulani chithunzi, muuzeni polemba, ndipo akapanda kuchitapo kanthu mutidziwitse ife a bungwe.

Wina angafunse kuti zimenezi n'za anthu ophunzira, ife othyola zipatso zikutikhudza bwanji. Sola yafika kale kumudzi. Yunivesite ya Strathclyde ya konkuno ku Glasgow, ndi thandizo la boma la Scotland, inagwira nawo ntchito yoika magetsi a sola a m'mudzi ku Mthembanji m'boma la Dedza mu 2020. M'maboma ambiri timasola ta pakhomo tikugulidwa ndi ndalama zochokera kwa ife a kunja. Tikapanda kudziwa mmene zimagwirira ntchito, chilichonse chikafa tizingotumiza ndalama zina.

Kabokosi kathu katha tsopano. Tinakaika m'kontena ya pulasitiki yosungiramo chakudya kuti mvula isalowe, ndipo kanyamuka ndi mnzathu amene akupita kumudzi kukaona abale. M'katimo taikamo ma IRLZ44N awiri apadera, ma diode awiri ndi mafyuzi asanu, pamodzi ndi pepala lojambula malumikizidwe lolembedwa m'Chichewa. Taikanso swichi wamba pambali, kuti tsiku limene Arduino idzavute agogo adzathe kuyatsa pampu ndi dzanja, masamba asafote podikira mmisiri. Mdzukulu wawo wa Sitandade 8 tamusonyeza kale pa WhatsApp mwendo wa gate, wa drain ndi wa source, ndipo anawatchula bwino onse atatu. Amene mukufuna kupanga chanu, bwerani ndi chithunzi cha zolembedwa pa pampu yanu tikadzakumananso, tidzawerengere limodzi musanagule kanthu.