Ulendo wa mwala kuchokera ku Chimwadzulu kukafika pa chala

Phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu silitchuka ngati Mulanje kapena Zomba, koma amalonda a miyala yamtengo wapatali akunja amalidziwa. Kuyambira mu 1958, pamene miyalayi inatulukiridwa kumeneko, phirili lakhala likutulutsa rube ndi safiro, miyala imene anthu olemera amavala pa mphete, ndolo ndi mikanda.

Chodabwitsa n'chakuti rube ndi safiro ndi mwala umodzi, umene akatswiri amautcha corundum. Chowasiyanitsa ndi tinthu tochepa kwambiri timene tinalowa m'mwalamo pamene unkapangika pansi pa nthaka. Mukalowa chromium, mwala umafiira ndipo umatchedwa rube. Mukalowa chitsulo ndi titanium, umakhala wabuluu, ndiye safiro ameneyo.

Emarodi ndi aquamarine nawonso ndi pachibale, onse ndi a mtundu wa beryl. Emarodi, wobiriwira ngati msipu wa m'dzinja, amakumbidwa kwambiri ku mgodi wa Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia. Mu 2021 kumeneko anafukula emarodi wa makarati 7,525, wolemera kilogalamu imodzi ndi theka, n'kumupatsa dzina loti Chipembele. Aquamarine, wooneka ngati madzi oyera abuluu, amapezeka ku Mzimba ndi kutsidya kwa malire ku Lundazi, kumene anthu ambiri amamukumba ndi mapiki ndi mafosholo.

Kukongola kokha sikokwanira kuti mwala uikidwe pa mphete. Uyenera kukhala wolimba, chifukwa dzanja limachapa, kusesa ndi kugunda zinthu tsiku lonse. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10, rube ndi safiro pa 9, emarodi ndi aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8. Mwala wosafika pa 7 umakalika ngakhale ndi fumbi lamchenga, ndipo sutenga nthawi kuti uzilale.

Nanga mtengo umachokera pati? Ogula amayang'ana zinthu zinayi: mtundu, kuyera kwa mkati, kasemedwe ndi kulemera. Kulemerako amakuyeza m'makarati, ndipo karati imodzi ndi magalamu 0.2 basi. Rube wotchedwa Estrela de Fura, wochokera ku Montepuez ku Mozambique, anatuluka m'nthaka ali ndi makarati 101. Atamusema anatsala makarati 55.22, pafupifupi magalamu 11, koma mu June 2023 anagulidwa pa madola 34.8 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Sotheby's mumzinda wa New York.

Apa ndi pamene wokumba wa kumudzi amaluzira. Iye amagulitsa mwala wosasema kwa mavenda, nthawi zambiri osadziwa n'komwe mtengo wake weniweni. Mwalawo umakasemedwa ku Jaipur m'dziko la India kapena ku Bangkok ndi Chanthaburi ku Thailand, kumene rube ndi safiro ambiri amawotchedwa m'ng'anjo kuti mtundu wake uwale. Phindu lalikulu limatsala m'manja mwa osema ndi eni masitolo.

Mwala ukasemedwa umafuna chougwira. Golide weniweni, wa makarati 24 (pa golide, karati imayeza kuyera, osati kulemera), ndi wofewa moti amapindika msanga, n'chifukwa chake amisiri amamusakaniza ndi mkuwa kapena siliva. Mphete yodindidwa 18K kapena 750 ili ndi magawo atatu mwa anayi a golide. Siliva wabwino amadindidwa 925.

Pamsika palinso galasi lopaka mtundu ndi miyala yopangidwa m'fakitale, imene diso la munthu wamba silingaisiyanitse ndi yachilengedwe. Choncho wogula mphete kapena ndolo zodula ayang'ane chidindo cha golide kapena siliva, afunse ngati mwalawo unawotchedwa, ndipo alandire kalata ya katswiri woyeza miyala asanapereke ndalama.